Ndalama zikatha, bungwe limatsala ndi chiyani? Za utsogoleri m'mabungwe omwe si aboma

Pa 20 Januwale 2025 boma la America linalamula kuti thandizo lake lopita kumayiko akunja liyambe laima kwa masiku 90 kuti aliunike. Masiku 90 aja asanathe n'komwe, mapulojekiti ochuluka a USAID, bungwe la boma la America lopereka thandizolo, anali atathetsedwa. Kuno ku Salima nkhaniyi sitinangoimva pa wailesi. Tinaiona m'makomo mwathu: mlamu wanga yemwe ankalawirira ku filidi pa njinga yamoto ya bungwe akungokhala pakhonde, mayi wophika nsima pafupi ndi maofesi wachepetsa ufa wothira mumphika.

Chomwe chasokoneza ambiri ndi chakuti chilala chinali chimodzi koma minda sinapse mofanana. Mabungwe ena anatseka zitseko sabata yomweyo, antchito n'kumva za kuchotsedwa kwawo pa WhatsApp. Ena anachepa, anatsimphina, koma mpaka lero akadafikabe kumidzi. Mu minibasi, pa maliro, pa Facebook, yankho lomwe limatuluka msanga ndi lakuti "nkhani ndi utsogoleri." Mawuwa ndi otakata ngati nyanja, aliyense amaponyamo khoka lake. Tiyeni tiwaphwanye pang'onopang'ono.

Bungwe loyenda bwino ndi lotani?

Bungwe lomwe si la boma, lomwe ambiri timangoti NGO, ndi gulu lokhazikitsidwa kuti litumikire anthu popanda eni ake kugawana phindu. Mamishoni anayamba ntchito zotere kalekale ndi masukulu ndi zipatala zawo, koma mabungwe monga tikuwadziwira lero anachuluka nthawi ziwiri: kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, dziko lino litalandira anthu pafupifupi miliyoni imodzi othawa nkhondo ku Mozambique, ndiponso pambuyo pa riferendamu ya 1993 ndi chisankho cha 1994, anthu atamasuka kupanga magulu awoawo. CONGOMA ndiyo imawasonkhanitsa. Lamulo lowayendetsa linabwera kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 n'kukhazikitsa NGO Board yoyang'anira mabungwewa, yomwe inasanduka NGORA lamuloli litasinthidwa mu 2022. Bungwe limayenera kulembetsa ndi kumapereka chaka ndi chaka lipoti la ntchito komanso la ndalama. Kuno ku boma, pulojekiti isanayambe imakaonekera ku DEC, komiti yomwe wapampando wake ndi bwanamkubwa, kenako n'kutsikira ku ma ADC ndi ma VDC, makomiti a chitukuko a mu ndondomeko ya mphamvu ku anthu ya 1998.

Tsono apa ndi pomwe bungwe limasiyanirana ndi bizinesi. Wogulitsa usipa pa Kamuzu Road sasowa womuuza ngati malonda akuyenda. Wogula ndi yemweyo wolipira, ndi yemweyonso wokadya. Usipa ukakhala wamchenga, mawa sabweranso. M'bungwe wolipira ali ku Washington, ku London kapena ku Oslo, wodya ali kwa Ndindi kapena kwa Khombedza, ndipo awiriwa mwina sadzaonana mpaka muyaya. Mkulu wa bungwe amaima pakati pawo, ndipo akulu anati mapanga awiri avumbwitsa.

N'chifukwa chake "kuyenda bwino" kuli ndi matanthauzo angapo. Kwa opereka ndalama ndiye kuti bajeti yagwiritsidwa ntchito mu nthawi yake, malisiti alipo, manambala akwana. Kwa khonsolo ndiye kuti bungwe likutsata pulani ya chitukuko ya boma, osati kuunjikana ndi anzake m'dera lofikika ndi tala. Kwa mayi wa kumudzi funso ndi limodzi: patatha zaka zitatu, mjigo uja ukutulutsabe madzi? Mtsogoleri akhoza kukhoza mayeso amodzi n'kulephera ena onse. Choncho wina akanena kuti utsogoleri wakuti umabala zipatso, mufunseni kuti zipatso zake akudya ndani.

Kapitawo, bwalo, ndi wolekerera

Tikamati kachitidwe ka utsogoleri tikunena chizolowezi cha mtsogoleri pa zinthu zochepa: amaganiza yekha kapena ndi anzake, amalimbikitsa anthu ndi chiyani, ndipo wina akalakwitsa amatani naye. Magawo atatu odziwika kwambiri anachokera ku kafukufuku yemwe Kurt Lewin, Ronald Lippitt ndi Ralph White anasindikiza mu 1939 ku America. Anatenga anyamata a zaka ngati khumi n'kuwaika m'timagulu tochita ntchito zamanja akaweruka kusukulu. Gulu lina linali ndi mtsogoleri wolamula chilichonse, lina wokambirana ndi anawo, lina wongowasiya. Kenako ankachita dala: mtsogoleri ankatuluka m'chipindamo, ofufuza n'kumayang'ana.

Kwa wolamula ntchito inkatuluka yambiri iye ali pompo, koma akangotuluka manja ankagwa; ana ena ankasanduka aukali kwa anzawo, ena ozizira ngati anyowa ndi mvula. Kwa wokambirana ntchito inkachepako pang'ono, koma inkapitirira mtsogoleri kulibe. Kwa wolekerera ndiye kunkatuluka zochepa komanso zosalongosoka.

Atatuwa timawadziwa. Woyamba ndi kapitawo wa pa esiteti: makasu amathamanga akamamva mapazi ake. Wachiwiri ndi mfumu pa bwalo, yomwe imasiya nduna ndi anthu alankhule iyo n'kudzamanga mfundo pomaliza. Wachitatu ndi dayilekita yemwe mwezi wonse ali ku mawekishopu ku Lilongwe ndi ku Mangochi, ofesi n'kumayenda ngati bwato lopanda nkhafi.

M'bungwe, mtengo wa ukapitawo suonekera msanga, chifukwa malipoti amapita pa nthawi yake. Umaonekera pa nkhani zomwe sizikwera kumtunda. Zaka zapitazo ndinali pa msonkhano pansi pa mtengo wa mango m'mudzi wina chakunyanja, pomwe bungwe lina linkafuna kukumba mjigo. Malo anali atasankhidwa kale ku ofesi. Mayi wina wachikulire anadikira msonkhano uthe, n'kumukokera pambali mtsikana wa ku filidi uja: "Mwana wanga, madzi tikuwafuna, koma uko n'kufupi ndi manda, kuli dambwe. Ife amayi sitipondako." Mtsikanayo anamva bwinobwino. Pobwerera ndinamufunsa ngati akawauza abwana ake. Anayang'ana pansi n'kuti, "Achimwene, abwana anena kale. Ine ndine ndani?" Mjigo unakumbidwa, unalowa mu lipoti ngati mjigo umodzi wotheka, amayi n'kumatungabe kunyanja. Palibe anaba ngakhale tambala. Chinasowa ndi khomo loti mawu a mayi uja alowerepo.

Koma tisathamangire kunena kuti kulamula n'koipa nthawi zonse. Usiku pa nyanja siginala akaona usipa n'kunena kuti ponyani chilimira, palibe amaitanitsa voti. Zokambirana zimabwera m'mawa pogawana ndalama ndi posoka ukonde. Pa mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023, womwe unavuta kwambiri m'madera a m'mphepete mwa nyanja, kapena madzi atasefukira ku Dwangwa ku Nkhotakota kumapeto kwa Febuluwale 2024, anthu ankafuna wina woti anene msanga kuti galimoto ipite uku, kolorini apite uko. Paul Hersey ndi Ken Blanchard, kumapeto kwa zaka za m'ma 1960, anaphunzitsa zomwezi: kachitidwe kazisintha malinga ndi nthawi komanso luso la omwe ukuwatsogolera. Wongoyamba kumene ntchito amafuna kumugwira dzanja, wa zaka khumi ku filidi amafuna kumupatsa mpata.

Chitsanzo chomwe chimandipatsa maganizo chili pakhomo pathu pomwe, ngakhale si cha NGO. Pa chilumba cha Mbenji, m'dera la mfumu yaikulu Makanjira, usodzi wakhala ukuyendetsedwa ndi malamulo a mfumu kuyambira m'zaka za m'ma 1950. Chilumbacho chimatsekedwa miyezi ya dzinja kuti utaka uswane, mowa ndi njuga n'zoletsedwa, wolakwa amachotsedwako. Ndi malamulo olimba ndithu. Koma amalengezedwa poyera pamaso pa asodzi, pali komiti yowayendetsa, ndipo asodziwo amaona okha phindu lake chilumba chikatsegulidwa. Utsogoleri umenewu tiuike m'gulu liti, la kulamula kapena la kukambirana? Magawo a m'mabuku aja sakwana bwino pa zinthu zenizeni.

Ganyu ndi kwaya

Mu 1978 James MacGregor Burns, katswiri wa ndale ndi mbiri wa ku America, anagawa utsogoleri mwanjira ina. Anati pali utsogoleri wosinthana, wa ndipatse ndikupatse, ndipo pali utsogoleri wosintha anthu, womwe umakweza mitima ya mtsogoleri ndi omutsatira kuti aone cholinga choposa malipiro. Pachingerezi amati transactional ndi transformational, mawu omwe mudzawamva pafupifupi mu wekishopu iliyonse ya utsogoleri. Bernard Bass mu 1985 anawabweretsa m'malo a ntchito, ndipo anatsindika kuti awiriwa si adani: wachiwiri amamangidwa pamwamba pa woyamba.

Woyambayo ndi ganyu. Mwapimirana ndime, mwagwirizana mtengo, ndime ikatha ulandire zako. Palibe chinyengo, aliyense akudziwa pomwe waima, koma waganyu sapalira mzere wopitirira ndime ngakhale aone udzu. Wachiwiriyo ndi kwaya ya pa mpingo: anthu amayenda mtunda wautali kukaphunzira nyimbo katatu pa sabata popanda wowalipira, chifukwa akuona kuti ndi zawo.

Nkhani ya alawansi imalowera apa, ndipo ndi yowawa. Mabungwe ambiri anazoloweza anthu kuti msonkhano ndi envulopu, botolo la Fanta ndi ndalama ya thiransipoti. Sindikunyoza wolandira, munthu wasiya munda wake tsiku lathunthu, ndipo kunyumba akumudikira. Koma komiti ya mjigo, gulu la banki m'khonde kapena sukulu ya mkombaphala yomwe inamangidwa pa alawansi yokha imafa tsiku lomwe pulojekiti yatha. Pomwe mtsogoleri anatenga nthawi kufotokoza, kumvetsera, ndi kusiya anthu asankhe okha wosunga chuma chawo, mavolontiya amapitiriza ngakhale galimoto ya bungwe itasiya kubwera. Ndikuona kuti apa ndi pomwe pali kusiyana kwina pakati pa mabungwe omwe anazimiratu mu 2025 ndi omwe akadapumabe.

Mbali inayo nayonso ili ndi zonena. Ndalama za mabungwe zimabwera ngati ganyu: pulojekiti ya chaka chimodzi, ziwiri kapena zitatu, manambala oti akwane, lipoti pa miyezi itatu iliyonse. Mtsogoleri wodziwa kulankhula zogwira mtima koma wosasamala malisiti amaligwetsa bungwe pa odita woyamba, makamaka chichitikireni Cashgate ya 2013, pomwe opereka thandizo anayamba kuyang'anitsitsa tambala iliyonse yolowa m'dziko muno. Palinso chinyengo china chobisika: kuuza antchito kuti "ife timatumikira, sitiyang'ana ndalama" pomwe malipiro achedwa miyezi itatu, ndipo kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Mawu okoma sagula thumba la chimanga. Ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika, ndipo antchito olimbikitsidwa ndi pakamwa pokha amatopa n'kuchoka, n'kupita ndi luso lawo lonse.

Adzukulu

Mu 1970 Robert Greenleaf, yemwe anagwira ntchito zaka zambiri ku kampani ya matelefoni ya AT&T, analemba za mtsogoleri wotumikira: munthu yemwe amayamba ndi mtima wotumikira, utsogoleri n'kubwera pambuyo. Muyeso wake unali wakuti, kodi otumikiridwawo akukula, akuyamba kuima paokha?

Ife izi sizachilendo. Pa maliro adzukulu ndi omwe amakumba, kunyamula ndi kukwirira, koma ku manda mawu awo ndi omwe amamveka; ngakhale wolemera amawamvera. Mphamvu yawo imachokera pa ntchito yomwe agwira. Umunthu umaphunzitsa zomwezo, kuti kali kokha n'kanyama. Vuto limabwera pomwe umunthu wasanduka chophimba: wosunga ndalama wasokoneza, koma ndi mwana wa mkulu wa mpingo, tingamuchotse bwanji? Ntchito yatuluka, mphwake wa dayilekita ali pakhomo ndi satifiketi yake, timusiye? Mtsogoleri wachifundo yemwe sangathe kunena kuti ayi amavulaza anthu omwe sakuwaona, a kumudzi aja.

Mwini bungwe ndi bodi yake

Mabungwe ambiri a kwathu kuno anayambitsidwa ndi munthu mmodzi wamasomphenya: mphunzitsi wopuma, namwino, m'busa, mnyamata wobwera ku koleji. Anayamba ndi njinga yakapalasa ndi ndalama za m'thumba mwake, ndipo ulemu umenewo tisamulande. Koma bungwe likakula, zomwe zinalikuza zija zimatha kulipanikiza. Opereka ndalama amadziwa foni yake yokha. Cheke sichituluka iye asanasaine. Anthu kumudzi satchula dzina la bungwe, amatchula la iyeyo. Akadwala, bungwe nalo lagona.

Mankhwala omwe malamulo a mabungwe amapereka ndi bodi, gulu la matrasti kapena madayilekita lomwe ndi bwana wa mkulu wa bungwe: limavomereza bajeti, limalandira lipoti la odita, limalemba ndi kuchotsa dayilekita. Zili ngati nduna ndi mbumba zomwe zimatha kumubweza mfumu ikasokera. Koma ngati bodiyo anaisankha ndi mwini bungwe yemweyo, n'kuikamo anzake a ku sukulu ndi alamu ake, ndani angamutsine khutu? Khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Kwina zimatembenuka: bodi imalowerera mpaka pogula mafuta a galimoto, dayilekita n'kukhala womangidwa manja. Apa tikuona kuti khalidwe la mtsogoleri si la iye yekha. Munthu yemweyo amakhala wina pomwe pali omufunsa, n'kukhalanso wina pomwe palibe.

Kodi ofufuza amadziwa bwanji?

Kafukufuku wambiri pa nkhaniyi amachitika ndi mafunso olembedwa: antchito amapereka mamalikisi kwa bwana wawo, n'kuperekanso mamalikisi a mmene bungwe likuyendera. Kawirikawiri zotsatira zimasonyeza kuti pomwe pali utsogoleri wosintha anthu, antchito amakhala okhutira ndi odzipereka, ndipo wolekerera amakhala kumapeto. Izi zapezeka m'mayiko ambiri, n'zosafunika kuzinyoza.

Komabe muziwerenge ndi diso limodzi lotsegula. Munthu wokonda bwana wake amaona zonse zili bwino, ndiye mayankho awiri aja akhoza kugwirizana chifukwa choti achokera mkamwa mmodzi. Mayi wotunga pa mjigo safunsidwa kawirikawiri. Chinanso, n'chiti chimayamba? Mwina bungwe lili ndi ndalama zokwanira, malipiro akubwera pa 25, n'chifukwa chake bwana ndi wodekha ndi womvetsera. Mwina si kudekha kwakeko komwe kwabweretsa ndalama. James Meindl ndi anzake mu 1985 anasonyeza kuti anthu timakonda kupachika zabwino ndi zoipa zonse pa mtsogoleri, ngakhale zomwe zabwera ndi mphepo, monga timachitira ndi kochi timu ikagonja. Ndiponso miyeso yambiri inapangidwira ku America. Kafukufuku wamkulu wa GLOBE, yemwe anatuluka mu 2004 atayerekeza utsogoleri m'magulu a anthu 62, anafika ku Zambia ndi ku Zimbabwe, koma Malawi munalibe. Kwathu kuno, komwe mwana amaphunzitsidwa kuti wamkulu sayankhidwa, wantchito akhoza kulemba kuti "abwana amatimvera" pomwe sanayesepo n'kamodzi komwe kuwatsutsa.

Zomwe zikadali pa bwalo

Funso loyamba ndi la ufulu. Mu 2016, pa msonkhano wa ku Istanbul, opereka thandizo akuluakulu analonjeza kuti pofika 2020 gawo la 25 peresenti la ndalama za chithandizo cha pa ngozi lizipita mwachindunji mmene zingathekere ku mabungwe a m'mayiko momwemo. Lonjezolo silinakwaniritsidwe pa nthawi yake. Mabungwe ambiri a m'maboma ngati Salima ndi Nkhotakota amalandira ndalama kudzera ku bungwe lalikulu, pulani itajambulidwa kale. Mtsogoleri wotero, ngakhale atafuna kumva mawu a mayi wa pansi pa mango uja, ali ndi mphamvu yosuntha mjigo? Ngati alibe, tikamuyesa tikuyesa utsogoleri wake kapena wa omutuma? Ena amayankha kuti mtsogoleri wolimba amatha kukana ndalama zobwera ndi zingwe zambiri. Ena amati wokana ndalama ali ndi antchito makumi awiri omuyang'ana kumaso sanabadwe.

Lachiwiri ndi la malamulo. Olimbikitsa kusintha kwa 2022 amati kunafunika kuti mabungwe a m'chikwama, opanda ofesi ndi ntchito yooneka, achepe, ndiponso kuti anthu adziwe komwe ndalama zobwera m'dzina lawo zimapita. Otsutsa amaopa kuti mphamvu zambiri m'manja mwa boma zikhoza kutseka pakamwa mabungwe omwe ntchito yawo ndi kudzudzula boma lomwelo. Kodi lamulo lingapange mtsogoleri wabwino, kapena limangopanga wodziwa kudzaza mafomu?

Lachitatu ndi la muyeso. Ndani ayenera kupereka mamalikisi: odita, bwanamkubwa, antchito, kapena VDC? Ndipo liti, pulojekiti ikamatsekedwa, kapena patatha zaka zisanu wina atabwerera kukapopa mjigo uja? Ulendo wobwererawo alipire ndani, poti bajeti inatsekedwa kale?

Pali lina lomwe m'maofesi amalinong'ona. Amayi ndi achinyamata ndi omwe adzaza ntchito za ku filidi ndi magulu a kumidzi. Mayi akalamula amati ndi wovuta, bambo akalamula amati ndi wolimba. Mnyamata akafunsa maganizo a anzake amati sakudziwa ntchito. Kodi kachitidwe kamodzimodzi kamalandiridwa mofanana posatengera yemwe wakhala pa mpando?

Ndipo mabungwe omwe apulumuka chilala cha 2025, apulumuka chifukwa cha atsogoleri awo, kapena chifukwa choti ndalama zawo zinkachokera ku Ulaya ndi ku mipingo osati ku America? Mwina mtsogoleri wanzeru ndi yemweyo anaonetsetsa kalekale kuti bungwe lisatsamire mtengo umodzi. Mwinanso unali mwayi chabe. Mlamu wanga uja ndinamufunsa funso limeneli tili pakhonde. Anakhala chete kanthawi, kenako anati abwana ake anawaitana onse, n'kuwaonetsa mabuku a ndalama tsamba ndi tsamba, n'kuwafunsa kuti titani. Bungwe linatsekabe. Koma Lachitatu lililonse iye amapalasa njinga yake kupita ku gulu la amayi lomwe ankaliyendera, popanda womutuma, ndipo akuti sakudziwa ngati zimenezo ziwerengedwe kuti bungwe lija linalephera kapena ayi.